Mulibe sikelo? Yezani pamimba

Anthu amene auzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha BP kapena shuga amakonda kudandaula kuti kunyumba kulibe sikelo, ndiye adziwa bwanji ngati zikuyenda. Ena amakwera sikelo zolipira za m'tauni, lero ya kudepoti, mawa ya kumsika, kenako n'kugwa ulesi poona manambala akusemphana. Sikelo ziwiri sizigwirizana kawirikawiri. Komanso munthu wamkulu amatha kulemera kapena kupepuka ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku limodzi lomwelo chifukwa cha madzi, mchere wa m'ndiwo, chakudya chimene chikadali m'matumbo, ndipo kwa amayi, masiku a kumwezi. Kuno ku Mzuzu muwonjezerepo juzi ndi jekete za mu June ndi July, zomwe palibe amazivula pamsewu.

Mafuta amene amatidetsa nkhawa ife azaumoyo ndi a m'mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo. Amenewa ndiwo amayenderana kwambiri ndi shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Sikelo imangouzani kulemera kwa thupi lonse, mafupa, minofu ndi madzi pamodzi, osati pamene mafutawo ali. Tepi ya telala ndiyo imanena zimenezo.

Kuyeza kwake n'kotere. M'mawa, mutapita kuchimbudzi koma musanadye, imirirani chilili, malaya mutakweza. Papasani nthiti yomaliza ya m'munsi, kenako pamwamba pa fupa la m'chiuno. Tepi idutse pakati pa malo awiriwo, kwa ambiri ndi pamwamba pang'ono pa mchombo. Igone bwino pakhungu, yosapendekeka kumsana, yosalowanso m'mnofu. Tulutsani mpweya mwachizolowezi n'kuwerenga. Osakoka mimba, mungodzinamiza nokha. Abambo ambiri amanena saizi ya thalauzi ngati muyezo wawo, chonsecho thalauziyo amaimangira kunsi, mimba yonse italendewera pamwamba pa lamba.

Bungwe la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera bambo akafika masentimita 94, mayi 80, ndipo chimakula kwambiri kupitirira 102 kwa bambo ndi 88 kwa mayi. Yang'anani bwino mbali ya tepi imene mukuwerenga, chifukwa atelala athu amakonda ya mainchesi: masentimita 94 ndi mainchesi 37, pamene 102 ndi 40.

Njira imene ine ndimaikonda kuposa zonse siifuna ngakhale manambala. Tengani chingwe chosatamuka, monga cha khonje. Wina akuthandizeni kuchidula molingana ndi msinkhu wanu, kuchoka kuchidendene kufika pamwamba pa mutu, mutavula nsapato. Chipindeni pakati, kenako zunguzani pamimba pamalo aja. Nsonga zikakumana, muli bwino. Zikapanda kukumana, mpata wotsalawo ndiyo ntchito yanu. Lamulo lake n'lakuti pamimba pasafike theka la msinkhu: munthu wotalika masentimita 160 akhale pansi pa 80. Mu 2022 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linalimbikitsa muyezo womwewu. Ubwino wake, wamfupi ndi wamtali aliyense amayezedwa ndi msinkhu wake. Mpatawo uyezeni ndi zala, mulembe: lero zala zisanu ndi chimodzi, mwezi wamawa mwina zinayi. Amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, njirayi si yanu, ndipo ana aang'ono ali ndi sikelo yawo kuchipatala.

Yezani kamodzi pa masabata awiri, tsiku lomwelo la sabata, n'kulemba kumapeto kwa kope pamodzi ndi deti. Kuyeza tsiku ndi tsiku kumangobweretsa nkhawa, pakuti thupi lotsika bwino limatsika pang'onopang'ono, theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi pa sabata. Tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa WhatsApp, wambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Mimba imaphwa masiku awiri, mafuta ali pomwepo.

Zovala nazo zimathandiza, bola musankhe chimodzi chosatamuka, siketi ya zipi kapena thalauzi ya nsalu yolimba, ndipo muziyesa chomwecho. Za pakaunjika musadalire nambala yake, dziko lililonse lili ndi saizi zake. Chitenje sichinena kanthu, chimalola aliyense. Pa lamba, ikani chizindikiro pabowo limene mukumangira lero. Mphete musaikhulupirire kuno, zala zimachepa kukazizira n'kutupa kukatentha.

Chinanso ndi mpweya. Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndiye sankhani mtunda umodzi wa kwanuko, kaya ndi ku Masasa, Zolozolo kapena Mchengautuwa, muziukwera wapansi m'malo mwa kabaza. Onani mphindi zimene mukutenga, komanso ngati mukutha kuyankhula ndi mnzanu osabanika mukafika pamwamba. Akuluakulu amafunika mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyenda mwandawala kapena ntchito yotulutsa thukuta. Amene ayamba kuyenda kapena kunyamula zitsulo nthawi zina sikelo siisuntha kwa kanthawi chifukwa minofu ikukhwima, koma chingwe chimakhala chikuyandikira.

Konzekeraninso mawu a anthu. Kwathu kuno mimba yaikulu ena amaitenga ngati chizindikiro cha ndalama, ndipo mukangotsika pang'ono wina kutchalitchi adzafunsa kuti, “Kodi mwakhala mukudwala?” Kope lanu lija likuthandizani kuyankha, chifukwa mukudziwa chimene mwasintha pambale ndi pamene munayambira.

Koma ngati thalauzi ikukhwepa musanasinthe chilichonse, imeneyo si nkhani yosangalalira. Kuwonda kosafuna, makamaka kukabwera ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu lalikulu kapena kukodza pafupipafupi, kungakhale TB, shuga, HIV kapena khansa. Pitani ku Mapale, ku St John's kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, mutatenga kabuku kanu ka kuchipatala. Amene muli kale pa mankhwala a BP kapena shuga, pemphani kuti akuyezeni pa sikelo ya kukiliniki tsiku lokatenga mankhwala, ndipo auzeni kuti mukuchepetsa thupi, chifukwa mlingo wa mankhwalawo ungafunike kusinthidwa.