Kuteteza nyumba ku chinyezi ndi nkhungu m'chisanu cha ku England

Nyumba zambiri za lendi ku Manchester, Leeds kapena Nottingham ndi zakale, zamakoma a njerwa ozizira. Kuyambira Novembala mawindo amakhala otseka, ndiye nthunzi ya kupuma, kuphika ndi kusamba imasowa kotulukira n'kukasanduka madzi pakhoma. Pakatha masabata ochepa, kuseri kwa bedi ndi kwa wadirobu kumada bii ndi nkhungu, ana n'kuyamba kutsokomola usiku.

Yambani ndi kutentha. Ikani thermostat, kachipangizo kosinthira kutentha kwa m'nyumba, pa madigiri 18 mpaka 21 m'zipinda zomwe mumakhala. Kuzimitsa heating, makina otenthetsa nyumba, tsiku lonse n'kudzayatsa mwamphamvu madzulo kumasiya makoma ozizira, ndipo pamenepo m'pamene madzi amamatirira. Onani kawotchi koonetsa mphamvu ya madzi (pressure) pa boiler, makina otenthetsa madzi: makina atazizira, muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5. Ukatsika kwambiri boiler imazima yokha. Radiator, chitsulo chapakhoma chofunditsa chipinda, ikamatentha pansi koma pamwamba pali zii, mwalowa mpweya. Zimitsani kaye heating, tengani kakiyi ka radiator ndi kansalu, potozani pang'ono kavavu ka pakona yakumtunda. Mumva kuti tsii. Madzi akangoyamba kudontha tsekani, kenaka bwererani kukaona muvi uja, chifukwa umatsika.

Kukhitchini ndiye kochokera nthunzi yambiri kwa ife ophika nsima ndi nyemba zowira maola awiri. Vindikirani mphika, tsekani chitseko cholowera kuchipinda chochezera, yatsani fani ya pamwamba pa chitofu, ndipo muisiye ikuzungulira mphindi 15 mutatha kuphika. Nyemba muziviika usiku kuti zisachedwe pamoto. Kubafa chimodzimodzi.

Zovala musayanike pa radiator ngakhale zimauma msanga, madzi onsewo amangotsala m'nyumba. Yanikani pa choyanikira m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono. Ngati thumba lilola, gulani dehumidifier, makina oyamwa chinyezi, komanso kachipangizo kotchipa koyezera chinyezi. Chikamapitirira 60 peresenti, tsegulani mawindo mphindi 10. Timipata ta pamwamba pa mawindo musatimate ndi tepi, anatiika dala kuti mpweya uzidutsa. Mipando ndi matiresi zitalikirane ndi khoma lakunja masentimita 10, ndipo m'mawa uliwonse pukutani madzi a pagalasi.

Mbaula kapena makala owotchera nyama musalowetse m'nyumba, zivute zitani. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene makala ngakhalenso boiler ya gasi yowonongeka zimatulutsa, suoneka, sununkha, ndipo m'nyumba yotseka umapha anthu ali mtulo. Onse m'nyumba akamamva mutu ndi chizungulire koma n'kumapeza bwino akatuluka panja, tulukani msanga muimbe 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi. Wina akakomoka, imbani 999 kuitana ambulansi. Landilodi, mwini nyumba, amayenera kuyezetsa boiler ya gasi chaka chilichonse ndi kukupatsani chikalata chake.

Nkhungu ikatuluka kale, valani magolovesi, pukutani ndi mankhwala ake ogula m'sitolo, osasakaniza bulitchi ndi mankhwala ena. Jambulani kaye zithunzi musanapukute, mulembere landilodi pa imelo, osangomuuza pafoni, chifukwa potuluka m'nyumbamo angafune kudula dipoziti yanu. Ngati chinyezi chikuchokera kudenga lodontha kapena paipi yothyoka, kukonza ndi udindo wake. Akamazengereza, kadandauleni ku khonsolo, ku ofesi ya environmental health, yoona za ukhondo ndi umoyo m'malo okhala.