Momwe mungakhozere phunziro la inshuwalansi popanda kudalira kuloweza

Ophunzira inshuwalansi ambiri amagwa pa funso la mtundu umodzi: lija lofotokoza za munthu amene katundu wake wapsa, n'kufunsa kuti kampani imulipire zingati. Matanthauzo amawadziwa pamtima, koma akawaikira nkhani yeniyeni mutu umaima. Ngati mukuphunzira zimenezi kuno ku Mzuzu, yesani njira iyi semesita isanafike pakati.

Choyamba, pezani polise yeniyeni, kutanthauza mgwirizano wolembedwa wa pakati pa kampani ya inshuwalansi ndi kasitomala. Bwerekani kwa wachibale amene ali ndi galimoto, kapena lowani mu ofesi ya kampani ya inshuwalansi m'tauni muno mukapemphe fomu yofunsira inshuwalansi ndi chikalata cha polise. Werengani cholembera chili m'manja, makamaka ndime ya zinthu zomwe kampani siidzalipira ndi ya excess, ndalama ija mwini katundu amadzisenzera yekha pa ngozi iliyonse. Zomwe aphunzitsi adzanene m'kalasi muzizisaka m'chikalatacho.

Chachiwiri, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo, mfundo iliyonse ya m'buku muipezere nkhani yake. Tengani ya insurable interest, yoti munthu angaike pa inshuwalansi chinthu chokhacho chomwe lamulo limavomereza kuti chitawonongeka iye ndiye angaluze. Mlandu wotchuka pa mfundoyi ndi wa Macaura, womwe unagamulidwa ku Britain mu 1925. Bamboyu anagulitsa matabwa ake ku kampani yomwe masheya ake pafupifupi onse anali ake omwe, kenako n'kuika matabwawo pa inshuwalansi m'dzina lake, osati la kampani. Moto utawapsereza, bwalo linati salandira kanthu, chifukwa matabwa anali a kampani ndipo iye anali mwini masheya chabe. Tsopano ganizirani wamalonda amene amatenga matabwa ku Chikangawa, walembetsa kampani, koma mapepala ena onse akulembabe m'dzina lake. Mukaiona choncho, mfundoyi simudzaiiwalanso.

Chitani chimodzimodzi ndi zinazo. Mwini minibasi ya Mzuzu–Nkhata Bay amene walemba pa fomu kuti galimoto yake ndi yoyendera pabanja pomwe imanyamula anthu waphwanya utmost good faith, mfundo yoti munthu aziulula zoona zonse ku kampani. Wakabaza akagunda galimoto pa Katoto, kampani n'kulipira mwini galimoto, kenako n'kulondola wogundayo kuti abweze, imeneyo ndiyo subrogation. Pa indemnity kumbukirani kuti munthu sayenera kulemererapo pa tsoka, amangobwezeredwa pomwe anali; koma inshuwalansi ya moyo siyendera mfundoyi, poti moyo ulibe mtengo. Aphunzitsi amakonda kutchera msampha pamenepo.

Chachitatu ndi masamu. Ambiri amawathawa, chonsecho ndi pomwe pali malikisi osavuta kutola. Nachi chitsanzo cha average clause, ndime yochepetsa malipiro ngati katundu anaikidwa pa inshuwalansi pa mtengo woperewera. Mayi wa shopu ku msika wa Taifa ali ndi katundu wa K10 miliyoni, koma pofuna kuchepetsa premium, ndalama yomwe amalipira ku kampani, waika pa inshuwalansi K6 miliyoni yokha. Moto wawononga katundu wa K4 miliyoni. Mayiyu akuyembekezera K4 miliyoni yonse, poti siinafike pa K6 miliyoni. Ayi ndithu. Gawani 6 ndi 10, muchulukitse ndi K4 miliyoni: alandira K2.4 miliyoni, ndipo ngati polise ili ndi excess, achotsanso pamenepo. Sinthani manambala, muwerengenso mpaka dzanja lizolowere. Pa mayeso lembani sitepe iliyonse, chifukwa njira imapatsa malikisi ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Ndipo mitengo ikamakwera, shopu yomwe inali pa inshuwalansi yokwanira chaka chatha lero ingakhale yoperewera mwini wake asakudziwa. Ndemanga yotere m'yankho lanu imaonetsa kuti mwamvetsa.

Chachinayi, asayimenti musaione ngati chongodutsa. Malikisi ake amalowa m'zotsatira, ndipo amene amachotsedwa sukulu chifukwa cholephera nthawi zambiri anayamba kutsetsereka pomwepa. Kukopera za pa intaneti kumaonekera msanga: mwana wa ku Chibavi akulemba za malamulo a ku America ngati ndi a kuno. Gwiritsani ntchito zathu. Lamulo la Road Traffic Act limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi ya third party, yomwe imalipira ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, osati galimoto yanu. Woyang'anira makampani a inshuwalansi ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo malipoti a bankiyi ali pa webusaiti yake. Mukasowa mutu wolembapo, ganizirani moto womwe unatentha laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) mu Disembala 2015: kodi mabuku omwe sakusindikizidwanso mungawaikire mtengo bwanji?

Mayeso akayandikira, pezani mapepala a zaka zam'mbuyo, muyankhe wotchi ili patebulo, foni ili kutali. Pa funso la nkhani tchulani mfundo yomwe ikukhudzidwa, muifotokoze mwachidule, muiike pa nkhaniyo, n'kugamula kuti kampani ilipire kapena ayi. Musasiye yankho lili lendelende. Gulu lokambirana likhale la anthu ochepa, wina azikhala kasitomala wokwiya, wina wa ku ofesi ya ma claim, yomwe imaona za makasitomala opempha kulipiridwa.

Za ntchito musadikire gauni. Malikulu a makampani ambiri ali ku Blantyre, koma nthambi za kuno nazo zimafuna manja, ndipo panthambi yaing'ono mumaona zonse, kuyambira kudzaza fomu mpaka kukajambula galimoto yochita ngozi. Lembani kalata yopempha attachment tchuthi chisanayambe, mukaipereke nokha. Funsani za mayeso a Insurance Institute of Malawi ndi a Chartered Insurance Institute ya ku London, omwe olemba ntchito m'gawoli amawalemekeza. Ngati mukufuna kuyamba ngati ejenti, dziwani kuti pamafunika laisensi, ndipo malipiro ake amadalira kwambiri komishoni, choncho miyezi yoyamba imawawa. Excel muidziwe bwino. Ndipo ngati mumatha kufotokozera mlimi wa khofi kapena mwini minibasi za excess m'Chitumbuka kapena m'Chitonga iye n'kugwedeza mutu, lembani zimenezo pa CV.