Kasinthidwe ka mneni hablar m'Chisipanishi

Achimwene, mwati Chingerezi mumachidziwa, koma mneni wa Chisipanishi akukuzunguzani mutu. M'pomveka, chifukwa pa nthawi yatsopano Chingerezi chimangosintha kamodzi, speak kukhala speaks, pomwe Chisipanishi chimasintha kasanu ndi kamodzi. Tiyeni titenge hablar, kutanthauza kulankhula.

Choyamba, yang'anani kumapeto kwa mneni. Aneni onse amathera ndi -ar, -er kapena -ir. Dulani -ar, mutsala ndi tsinde habl-. Musamutchule h uja, samveka.

Kenako lumikizani mathero malinga ndi amene akulankhula: hablo (ine), hablas (iwe), habla (iye, kapena inu mwaulemu), hablamos (ife), habláis (inu ambiri), hablan (iwo). Habláis musavutike naye kwambiri ngati aphunzitsi anu ndi a ku Mexico kapena Colombia. Amamveka ku Spain. Ku Latin America amangoti ustedes hablan (ustedes ndiye inu ambiri).

Chachitatu, siyani chizolowezi cha Chingerezi chotchula mlowam'malo nthawi zonse. Hablo español (ndimalankhula Chisipanishi) yakwana, yo (ine) safunika. Apa Chichewa ndiye chingakuthandizeni kuposa Chingerezi: ife timati ndi-lankhula, ti-lankhula, chizindikiro cha munthu chili kutsogolo, a Chisipanishi amachiika kumbuyo.

Samalani ndi kachizindikiro kapamwamba. Hablo, mawu akukwera pa ha-, ndi "ndimalankhula". Habló, akukwera kumapeto, ndi "analankhula".

Mukazolowera, yesani trabajar (kugwira ntchito) ndi estudiar (kuphunzira) mokweza mawu, mathero ake ndi omwewo. Ser (kukhala) ndi ir (kupita) muwasiye kaye, amenewo satsata lamuloli.