Mmene mungachitire mafizo a m'madzi mukamavutika ndi msana kapena sciatica

Ululu wa sciatica umayambira m'chiuno, n'kudutsa m'thako ndi kuseri kwa ntchafu, ndipo nthawi zina umafika mpaka kuphazi, chifukwa umatsata mtsempha waukulu kwambiri mwa mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi, umene mizu yake imatuluka m'munsi mwa msana. Kawirikawiri gwero lake limakhala kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana, kamene kamafutukuka n'kupana muzu wa mtsemphawo. Wodwala amafunika kuyendayenda kuti achire, koma kulemera kwa thupi lake kumamulepheretsa. Apa m'pamene madzi amathandiza: munthu akaima m'madzi olekeza m'chiuno, miyendo yake imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwake, akafika m'chifuwa imanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo akafika m'khosi imangonyamula pafupifupi 10 peresenti.

Musanalowe m'madzi, onanani ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo kuti adziwe chimene chikuyambitsa ululu wanu. Ngati mwayamba kulephera kukodza kapena kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, ngati mukumva dzanzi kumaliseche ndi mkati mwa ntchafu, kapena ngati mwendo ukunka nufooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ikhoza kuwonongekeratu. Musalowenso m'damu losambiramo ngati muli ndi bala, mukutentha thupi kapena mukutsegula m'mimba. Odwala mtima, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi ayambe alandira chilolezo cha dokotala, pakuti madzi amafinya thupi n'kukankhira magazi ambiri kumtima.

Damu loyenera ndi la madzi ofunda, a madigiri pafupifupi 32 mpaka 34, popeza madzi ozizira amachititsa minofu kukungika. Likhale ndi masitepe ndi chogwirira, ndipo pakhale munthu wokuyang'anirani. Kudziwa kusambira si kofunika.

Yambani ndi kuyenda kwa mphindi 5 m'madzi olekeza m'chifuwa. Pondani chidendene choyamba kenako zala, thupi lili chilili, osaweramira kutsogolo. Yendaninso chafutambuyo ndi cham'mbali, chifukwa kuyenda cham'mbali kumalimbitsa minofu ya m'mbali mwa matako imene imagwira chiuno poyenda. Madzi amalimbana nanu molingana ndi liwiro lanu, choncho kuyenda pang'onopang'ono ndiko kopepuka.

Mukatero tsamirani khoma la damu, mawondo opindika pang'ono. Kokerani mchombo mkati pang'ono, kanikizani m'munsi mwa msana kukhoma kwa masekondi 5 mukupuma bwinobwino, kenako masulani, ndipo bwerezani ka 10. Izi zikazolowereka, chokani pakhoma, imani motangadza pang'ono ndipo yendetsani manja kutsogolo ndi kumbuyo pansi pa madzi, thunthu lisagwedezeke. Masewera amenewa ndimawaona kuti ndi ofunika kwambiri, ngakhale kuti woonerera angaganize kuti palibe chimene mukuchita, chifukwa minofu ya m'mimba ndi yamsana imaphunzira kugwira msana pamene manja akugwira ntchito, monga zimakhalira ponyamula katundu.

Za miyendo zimafuna kusamala kwambiri. Gwirani m'mphepete mwa damu, kwezani bondo limodzi kufika m'chiuno, n'kulitsitsa modekha. Kenako tambasulirani mwendo cham'mbali ndi kumbuyo pang'ono, osapinda msana. Musakweze mwendo wowongoka kupita kutsogolo mokakamiza, chifukwa kutero kumakoka mtsempha wotupa kale uja, ndipo mtsempha sufuna kukokedwa ngati mnofu. Chimene ungalole ndi kuyendetsedwa mofatsa: bondo lili m'mwamba, liwongoleni pang'ono mpaka mutangoyamba kumva kukoka, n'kulipindanso nthawi yomweyo. Pomaliza, kolekani choyandamitsa m'khwapa pamalo akuya, miyendo ilendewere kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kapena ipalaseni pang'onopang'ono ngati muli panjinga. Ngati mumasambira, pewani kusambira chafufumimba mutu uli m'mwamba, chifukwa kumapinda msana ndi khosi cham'mbuyo. Kusambira chagada kumakhala kwabwinoko kwa anthu ambiri.

Pa zonsezi, tcherani khutu kumene ululu ukulowera, osati kukula kwake kokha. Ululu ukamachoka kuphazi kapena kukatumba n'kumabwerera m'chiuno, ndiye kuti mtsempha ukupeza mpata, ngakhale msana utawawa pang'ono kuposa kale. Koma ukamatsikira m'munsi, kapena dzanzi likamawonjezeka, siyani chimene mukuchitacho n'kumuuza wa mafizo. Komanso kutengera masewera a mnzanu n'koopsa: amene kachinthu kofewa kaja kanafutukuka nthawi zambiri amamva kuwawa akawerama, pamene wachikulire amene ngalande ya mitsempha ya msana inachepa amapeza mpumulo akawerama.

Madzi amabisanso kutopa, moti munthu amachita zambiri osazindikira. Tsiku loyamba musapitirire mphindi 15 kapena 20, ndipo muone mmene mudzukire mawa lake. Ngati ululu wawonjezeka n'kukhala choncho kwa maola oposa 24, chepetsani nthawi ndi liwiro. Kawiri kapena katatu pamlungu n'kokwanira. Potuluka kwerani masitepe pang'onopang'ono mutagwira chogwirira, popeza thupi limalemera mwadzidzidzi ndipo ena amachita chizungulire, kenako imwani madzi, chifukwa m'damu lofunda munthu amatuluka thukuta osadziwa.

Mukayamba kupeza bwino, sunthirani kumadzi olekeza m'chiuno kuti msana uzolowere kunyamula thupi, ndipo wonjezerani kuyenda ndi mafizo apamtunda pamasiku amene simukupita kudamu. Anthu ambiri odwala sciatica amayamba kupeza bwino pakatha milungu 4 mpaka 6, choncho nthawi imeneyi ikadutsa popanda kusintha kulikonse, bwererani kwa dokotala kuti akupimeninso.