Kubwezeretsa mitengo m'munda posamalira zitsa zophukira zokha

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala m'nyengo yodzala mitengo, ndipo mbande zambirimbiri zimachoka m'manazale kupita m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mphepete mwa mitsinje. Ntchitoyi ndi yabwino, koma aliyense amene anabwererapo pamalo odzalidwa mitengo m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti mbande zambiri siziona mvula yachiwiri, pakuti zina zimadyedwa ndi mbuzi, zina zimagwa ndi chiswe, ndipo zina zimauma chifukwa dzuwa linazipeza mizu isanazame. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo amene anavutika kuthirira machubu kunazale kwa miyezi itatu, ikafika nthawi yososa amatenga chikwanje n'kudula mphukira zonse zomera pa zitsa za m'munda mwake, kenako n'kuziwotcha pamodzi ndi mapesi. Chitsa chophukira ndi mtengo wamoyo umene uli kale ndi mizu yozama, yodziwa kumene kuli madzi, ndipo chimene umasowa ndi mpata wokha woti ukule.

Njira yosamalira zitsa zotere inatchuka m'dziko la Niger, m'chigawo cha Maradi, kumene mlangizi wa zaulimi wochokera ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira m'chaka cha 1983 kuti tizitsamba timene alimi ankadula chaka ndi chaka tinali mphukira za mitengo imene inagwetsedwa kalekale. Alimi atayamba kusiya ndi kusadzira mphukirazo, minda imene inali mbee inayambanso kukhala ndi mitengo, ndipo akafukufuku amayerekeza kuti malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabwerera mwa njira imeneyi. Kwathu kuno, kumene boma linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika chaka cha 2030, njirayi ndi yoyenera kwambiri chifukwa mitengo yathu yachilengedwe yambiri imaphukanso ikadulidwa, ndiponso siifuna ndalama, machubu kapena madzi othirira.

Yambani mukangomaliza kukolola, munda usanasosedwe. Yendani m'munda monse pang'onopang'ono, makamaka m'malire, pazulu ndi m'mbali mwa ngalande, ndipo muyang'ane chitsa chilichonse chimene chatulutsa mphukira, ngakhalenso timitengo tomera tokha kuchokera ku njere kapena ku mizu. Ngati simudziwa mayina a mitengo, pitani ndi munthu wachikulire wa m'mudzimo, chifukwa agogo ambiri amazindikira mtengo poona tsamba limodzi lokha ndipo amadziwanso ntchito yake. Apa ndi pamene muyenera kusankha, popeza si chitsa chilichonse chimene chiyenera kukhala pakati pa chimanga. Msangu, mthethe ndi mpakasa ndi yabwino m'munda momwe. Masuku, mpoza, mateme ndi bwemba ndi ya zipatso. Mlombwa, mbawa ndi muwanga ndi ya matabwa ndipo imafuna kuleza mtima kwa zaka zambiri, choncho ndi bwino kuisiya m'malire kapena pamalo amene simulimapo. Chitsa cha bulugamu, ngakhale chimaphuka mwamphamvu, musachisiye pakati pa mbewu, chifukwa chimalimbirana madzi ndi chimanga.

Pa mitengo yonseyi, msangu ndiwo woyenera kuusamalira koposa. Mtengowu uli ndi khalidwe losiyana ndi inzake: umayoyola masamba nthawi ya mvula, pamene mbewu zili m'munda, ndipo umaphukanso masamba m'chilimwe. Motero sutchinga dzuwa pamene chimanga chikulifuna, ndipo masamba oyoyokawo amawolerana m'nthaka n'kuwonjezera chonde pa nthawi yeniyeni imene mbewu zikukula. Mizu yake imathandiza kuika mchere wa nayitirojeni m'nthaka monga mmene zimachitira mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo zipatso zake zimadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe m'miyezi imene msipu wauma. Amene anayendapo m'madera a m'mphepete mwa nyanja monga Salima kapena Mangochi anaona chimanga chobiriwira bwino pansi pa misangu ikuluikulu, pamene chapatali pang'ono chili chachikasu. Koma phindu limeneli silibwera chaka choyamba kapena chachiwiri. Msangu umayamba pang'onopang'ono chifukwa umatumiza kaye muzu wake pansi, ndipo mlimi wopupuluma amaudula atatsala pang'ono kuyamba kudyerera.

Mukasankha zitsa zoti zikhale, ikani chizindikiro pa chilichonse, kaya pomanga kansanza kowala pa mphukira kapena pozika chikhomo pambali pake. Ichi chimaoneka ngati chaching'ono, koma chimapulumutsa mitengo yambiri, chifukwa waganyu kapena mwana amene mwamutuma kukasosa sadziwa zimene munaganiza, ndipo dzanja lozolowera kudula limadula lisanafunse. Kwa woyamba kumene, zitsa 15 kapena 20 pa ekala n'zokwanira, motalikirana pafupifupi mamita 10 kapena kuposerapo, kuti muone kaye mmene mbewu zikuchitira musanawonjezere zina.

Tsopano pa kusadzira penipeni. Chitsa chimodzi chimatha kutulutsa mphukira 10 kapena 20, zonse zikulimbirana chakudya cha muzu umodzi, ndipo n'chifukwa chake chimangokhala chitsamba osasanduka mtengo. Sankhani mphukira 3 mpaka 5 zowongoka, zamphamvu ndi zomera bwino pa chitsacho, ndipo zina zonse muzidule. Pa mphukira zimene mwasiyazo, chotsani nthambi za m'munsi mpaka pafupifupi theka la msinkhu wake, koma musapitirire pamenepo, chifukwa mphukira yosadzidwa kwambiri imakhala yotalika koma yofooka, ndipo mphepo kapena mbuzi imaithyola mosavuta. Komanso masamba ndiwo amapangira mtengo chakudya. Chida chikhale chakuthwa, kaya ndi chikwanje, mpeni kapena sowo, ndipo podula yambirani pansi pa nthambi kupita m'mwamba. Mukadula kuchokera pamwamba, nthambi imagwa ikusenda khungwa la thunthu, ndipo bala limenelo ndilo khomo la chiswe ndi matenda. Dulani pafupi ndi thunthu koma osalisema, ndipo musasiye kachitsa katali ka nthambi kamene kadzayamba kuwola.

Ena amafunsa chifukwa chosiyira mphukira zingapo m'malo mwa imodzi yokha imene ingakule msanga. Yankho lake lili pa zosowa za pakhomo. Mayi amafuna nkhuni chaka chino, osati patatha zaka 10, ndipo mtengo umene supereka kanthu kwa nthawi yaitali umaoneka ngati ukungodya malo. Mukasiya mphukira 5, mukhoza kudula imodzi chaka chilichonse ikafika poti n'kukhala nkhuni kapena phaso, n'kulola ina yatsopano kuti ilowe m'malo mwake, pamene imodzi yowongoka koposa mukuisiya kuti ikule kukhala thunthu lenileni. Apa ndi pamene pagona mfundo ya chitukuko chokhazikika imene mayiko anagwirizana ku bungwe la United Nations m'chaka cha 2015 pokhazikitsa zolinga 17, kuti anthu apeze zosowa zawo za lero popanda kutha gwero limene ana awo adzadalire. Nthambi zimene mwasadza musaziwotchere m'munda: masamba muwasiye pansi kuti aphimbire nthaka, ndipo timitengoto mupite nato kukhitchini, kumene pa mbaula ya chitetezo timakwanira kuphika ndiwo ndi nsima.

Kusadzira si ntchito ya tsiku limodzi. Chitsa chimapitiriza kutulutsa mphukira zatsopano, makamaka mvula ikayamba, choncho muzibwererako pakatha miyezi iwiri kapena itatu iliyonse m'chaka choyamba, ndipo nthawi yabwino ndi pamene mukupalira kapena kubandira, popeza muli kale m'munda ndi khasu m'manja. Ngati mtengo wina wayamba kuchita mthunzi wambiri pa mbewu, chepetsani nthambi zake mvula isanagwe m'malo mougwetsa.

Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi moto wa m'chilimwe. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala, udzu ukauma, osaka mbewa ndi ososa minda amayatsa moto umene umayenda m'minda yambiri pa tsiku limodzi, ndipo mphukira za chaka chimodzi kapena ziwiri sizipirira. Chitsa sichifa, koma mumabwerera poyambira. Lambulani udzu ndi mapesi mozungulira chitsa chilichonse pafupifupi mita imodzi mbali zonse, ndipo ngati malowo ndi aakulu, monga phiri kapena nkhalango ya m'mudzi, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onsewo udzu usanaumiretu. Mdani wachiwiri ndi ziweto zimene zimatayiriridwa anthu akakolola. Nthambi zaminga zimene mwasadza ku mthethe kapena msangu mukhoza kuzitchingira mozungulira mphukira, ndipo kumanga pamodzi mphukira za chitsa chimodzi ndi luzi kumathandiza kuti zisathyoke. Mitengo ikatalika kupitirira pamene mbuzi ingafike itaimirira, vutoli limachepa lokha.

Zinthu ziwirizi, moto ndi ziweto, munthu mmodzi sangazithetse, ndipo apa ndi pofunika kupita kwa amfumu. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kupatula malo a nkhalango ya m'mudzi ndi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, ndipo mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu angathandize kulemba malamulo a m'mudzi onena za kuyatsa moto, kudyetsa ziweto ndi kudula mtengo wa m'munda wa mwini. Lamulo lomweli linakonzedwanso m'chaka cha 2020 ndipo zilango za kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso zinakwera. Komabe chilango cha boma sichiteteza mphukira ya m'munda mwanu usiku; chimene chimaiteteza ndi kugwirizana kwa anthu oyandikana minda, aliyense atadziwa kuti mtengo uli ndi mwini wake. Ngati mudzi wonse sunakonzeke, yambani ndi mabanja atatu kapena anayi amene minda yawo inagundana.

Nkhani ya umwini ndi yofunika kuikambirana poyera ntchito isanayambe, ngakhale anthu ambiri amaizemba. Kumadera a chikamwini, bambo amatha kuzengereza kusamalira mtengo pa munda wa kuchikazi poganiza kuti banja likadzatha adzachoka chimanjamanja, ndipo wobwereka munda kwa chaka chimodzi alibe chifukwa chosiyira chitsa chimene chikumuchepetsera mizere. Banja likhale pansi ndi eni mbumba n'kumvana kuti mitengoyo ndi ya ndani ndiponso amene angadule ndani, ndipo wobwereketsa munda anene momveka, pamaso pa mboni, kuti zitsa zoikidwa chizindikiro zisakhudzidwe.

Pamalo otsetsereka, mitengo yokha siikwanira kuletsa nthaka kukokoloka, choncho iphatikizeni ndi mizere yotsata akalozera ndiponso udzu wa vetiva, ndipo zitsa za m'mbali mwa zigwembe ndi m'mphepete mwa mitsinje muzisiye zambiri kuposa za m'munda. Dothi lochoka m'minda ya kumtunda kwa Shire limakathera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene limadzaza madamu opangira magetsi, ndipo zimene zinachitika pa phiri la Soche ku Blantyre nthawi ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 zinakumbutsa anthu ambiri kuopsa kwa matope otsika m'phiri mvula ikachuluka.

Pali minda ina imene zitsa zinazulidwa kale, monga yolimidwa ndi thirakitala kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko palibe choti chiphuke. Pamalo otere ndi pamene nazale imafunika. Njere za msangu zili ndi chikopa cholimba, choncho muzikhebule pang'ono kumapeto ndi chowengera zikhadabo kuti madzi alowe, ndipo muzifese m'machubu milungu yochepa mvula isanayambe, chifukwa mbande ikakhalitsa m'chubu muzu wake waukulu umapindika ndipo mtengo umakula mopinimbira. Wokani mvula yodzalira ikangokhazikika, osadikira Febuluwale kapena Malichi, kuti mbande ilandire mvula ya nyengo yonse, ndipo pambali pa iliyonse muzikepo chikhomo monga munachitira ndi zitsa zija, kuti khasu lisaidule popalira.