Kubuka ndege ndi ma mailosi mukamayenda angapo, yambani mwaona mipando

Kuno ku Mchinji alipo anthu ndithu amene amakwera ndege pafupipafupi, amayi a geni opita ku Dubai kapena ku Guangzhou kukaoda katundu, anyamata a m'mabungwe omwe amatumizidwa kumisonkhano ku Nairobi, azibusa, ndipo ambiri mwa iwowa ali ndi ma mailosi, mapointi aja amene kampani ya ndege imakupatsani mukakwera ndege zake kuti mudzagulire tikiti, angokhala phee mu akaunti, ena sadziwa n'komwe kuti alipo angati. Ndiye limafika tsiku loti muyende banja lonse, kaya mwana wamaliza sukulu ku Johannesburg mukufuna mukaonerere, kaya mukuperekeza mayi kuchipatala ku India, munthu n'kukumbuka kuti paja ndili ndi ma mailosi. Kudzibukira wekha sikuvuta kwenikweni. Zimayamba kuvuta mukakhala atatu, anayi, asanu, ndipo nthawi zambiri chimene chimavutacho si ma mailosi ayi, ndi mipando.

Ndifotokoze bwinobwino pamenepa chifukwa ndi pomwe anthu amakhumudwira. Ndege ikhoza kukhala ndi malo ambirimbiri opanda munthu, koma kampani imangopatula mipando yowerengeka yoti igulidwe ndi ma mailosi pa mtengo wotsika uja, yotsalayo akudikira wobwera ndi ndalama. Zili ngati feteleza wa makuponi, m'shopu matumba ali mbwee koma a kuponi ndi ochepa ndipo akatha atha. Tsiku lina mupeza mipando iwiri, lina umodzi, lina mulibiretu, makamaka mu Disembala ndi nthawi ya Pasaka pomwe aliyense ali paulendo. Choncho musanayambe kuuza alamu anu kuti pemphani tchuthi kuntchito, musanayambe kusamutsa kapena kugula ma mailosi, yambani mwaona kuti mipando ilipo ingati pa tsiku lomwe mukufunalo.

Kwa ife onyamukira pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, ma akaunti omwe anthu ambiri ali nawo ndi awiri. Pali ShebaMiles ya Ethiopian Airlines, yomwenso imagwira ku Malawi Airlines poti Ethiopian ili ndi 49 peresenti mu kampani imeneyi, ndiye pali Asante Rewards ya Kenya Airways yomwe inayamba mu 2023. Ethiopian ili mu gulu la Star Alliance, Kenya Airways ili mu SkyTeam, kutanthauza kuti ma mailosi anu angathe kugula mpando pa ndege za makampani ena a m'gulu lomwelo ngati iwo atsegula malo. Ife a ku Mchinji tilinso ndi khomo lina, kudutsa pa Mwami kupita ku Chipata mpaka Lusaka, komwe Emirates ndi Qatar Airways zimatera. Ndi ulendo wautali wa pabasi, pafupifupi tsiku lathunthu, sindingaulimbikitse ngati muli ndi agogo kapena khanda, koma ngati ma mailosi anu ali ku Skywards ya Emirates ndiye ndi njira yoti muiwerengere.

Pofufuza chitani chonchi. Lowani mu akaunti yanu pa webusaiti kapena pa app, sankhani pogula ndi ma mailosi, ndiye muyambe ndi munthu mmodzi osati gulu lonse. Mukaona kuti mpando ulipo ndipo ukufuna ma mailosi akutiakuti, bwererani muike anthu awiri, kenako atatu, kenako anayi. Pomwe ndegeyo yasowa pa sikirini kapena mtengo wadumpha, mwadziwa kuti mipando yotchipa yathera pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imafuna kuika anthu onse a buking'i imodzi pa mtengo umodzi, ndiye mukalemba anthu anayi pomwe mipando yotchipa ilipo itatu, siikuuzani kuti itatu ilipo, imangoti palibe kapena imakupatsani onse anayi mtengo wapamwamba. Anthu ambiri amatseka foni pamenepo n'kumati ma mailosi ndi bodza, chonsecho mipando itatu inalipo.

Yesaninso masiku oyandikana, Lachiwiri kapena Lachitatu nthawi zambiri kumakhala kopepukirapo kusiyana ndi Lachisanu ndi Lamulungu. Ndipo onani ulendo uliwonse paokha. Ngati mukupita ku Mumbai kudzera ku Addis Ababa, mwina Lilongwe mpaka Addis malo alipo anayi koma Addis mpaka Mumbai alipo awiri, ndiye vuto mwalipeza pomwe lili ndipo mutha kusintha tsiku la chigawo chimenecho basi. Makampani ambiri amatsegula buking'i kutatsala miyezi pafupifupi 11, choncho ngati tsiku la ukwati kapena la graduation ladziwika kale musadikire kuti mpaka tigulitse soya kaye, yambani kuyang'ana pompano. Nthawi zina amatsegulanso mipando ina kutatsala masiku ochepa akaona kuti ndege sinadzadze, koma gulu la anthu asanu lomwe lapempha kale tchuthi ndi kulipira viza silingadalire zimenezo.

Tsopano tiyerekeze kuti muli anayi, inu, akazi anu, mwana wa zaka 9 ndi apongozi, ndipo mipando ya ma mailosi yapezeka iwiri. Njira zilipo zingapo ndipo palibe yoipa, zimangotengera gulu lanu. Yoyamba, awiri apite ndi ma mailosi, awiri agule ndi ndalama pa ndege yomweyo. Imeneyi ndi imene ine ndimaikonda chifukwa nonse mukwera limodzi, galimoto yochokera ku boma kudzera pa Kamwendo ndi Namitete mpaka ku eyapoti ndi imodzi, ndipo amene agula ndi ndalamawo apezanso ma mailosi awo atsopano pomwe tikiti ya ma mailosi siibala kanthu. Yachiwiri ndi kugawikana masiku, awiri lero awiri mawa, koma apa muwerengere kuti otsogolawo akagona kuti ndipo otsalawo abwereranso ku Mchinji kapena agona kwa achibale ku Lilongwe, ndalama zimene mumati mwapulumutsa zitha kuthera m'malojimo. Yachitatu, kupita ndi ma mailosi kubwera ndi ndalama, ngati kampaniyo imalola tikiti ya njira imodzi, bola muone kaye mtengo wake poti tikiti ya njira imodzi yogula ndi ndalama nthawi zina imadula moyandikira ya kupita ndi kubwera.

Pogawa maina samalani. Mwana asakhale yekha pa buking'i yake, kompyuta imamutenga ngati mwana woyenda popanda wamkulu ndipo imakana kapena pamabwera malamulo ndi ndalama zina, ndiye mwanayo muikeni pamodzi ndi mayi ake kapena bambo ake. Apongozi omwe sanakwerepo ndege, kapena amene Chingerezi chimawavuta, nawonso akhale pa buking'i imodzi ndi munthu wozolowera. Ndikunena izi chifukwa ma buking'i awiri ndi ma buking'i awiri basi, kampani siidziwa kuti ndinu banja. Ndege ikachedwa n'kuphonya yolumikiza ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, atha kuika ena pa ndege ya usiku womwewo ena ya mawa lake, ndiye taganizani mayi wachikulire atatsala yekha pa eyapoti ya Bole ku Addis Ababa ndi kachikwama kake m'manja, foni ilibe netiweki, sakudziwa geti yoti apite. Mukamaliza kubuka imbani foni kapena pitani ku ofesi ya kampaniyo ku Lilongwe muwapatse manambala onse a buking'i, aja a zilembo ndi manambala 6, muwapemphe alembe kuti anthuwa ali limodzi. Sizikutsimikizira kuti sangakulekanitseni koma wogwira ntchito pa kauntala akaona zimenezo amayesetsa. Mipando yokhala moyandikana musankhenso nthawi yomweyo, osadikira tsiku lonyamuka.

Khanda losakwana zaka 2 limakhala pamiyendo ndipo silifuna mpando, koma si laulere, limafuna tikiti yakeyake ndipo pa maulendo akunja makampani ambiri amalipiritsa kagawo ka mtengo wa wamkulu. Kawirikawiri pa tikiti ya ma mailosi khandalo amaliwonjezera mukaimba foni, musangofika nalo pa eyapoti.

Nanga ngati ma mailosi ali m'ma akaunti osiyanasiyana, bambo ali ndi awo, mayi ali ndi awo, achimwene ali ndi pang'ono? Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti simufunika kusamutsa ma mailosi kuti mugulire munthu wina tikiti. M'mapulogalamu ambiri mwini akaunti amatha kubukira wina aliyense, amangolemba dzina la woyendayo, ngakhale iye mwini sakuyenda. Kusamutsa kuchoka mu akaunti ina kupita ina nthawi zambiri kumalipiritsa ndipo sikubwezeka, ndiye ndi bwino aliyense agule kuchokera mu akaunti yake. Ngati mipando ili yochepa khalani pamodzi pakhonde pomwe netiweki ikugwira bwino, mafoni awiri ali otsegula, bando yokwanira, mapasipoti ali patebulo, mufike pa peji yolipira nonse ndiye mumalize motsatizana mphindi zomwezo, chifukwa mukati wina abuka madzulo mpando uja mupeza watengedwa ndi munthu wa ku Lagos. Makampani ena ali ndi akaunti ya banja yosonkhetsa ma mailosi pamodzi, monga My Family ya Emirates yomwe imalola anthu mpaka 8, koma imeneyi ndi yoyamba kalekale kuti muzisonkha pang'onopang'ono, si yotsegula dzulo lake ulendo.

Ndipo ma mailosi amapita kwa amene wakwera ndege osati amene walipira. Ngati mumalipirira akazi anu ndi ana matikiti chaka ndi chaka koma iwo alibe nambala ya umembala, ma mailosi onsewo akungotayika. Kulembetsa ndi kwaulere. Sungani boarding pass, kapepala kokwerera ndege kaja, mpaka muone kuti ma mailosi alowa, akapanda kulowa mumakadandaula ndi kapepala komweko.

Za ndalama tsopano, poti apa ndi pamene chibale chimasokonekera. Tikiti ya ma mailosi si yaulere. Misonkho ya ma eyapoti ndi ndalama zina zimene kampani imawonjezera mumalipira ndithu, munthu aliyense payekha, ndiye kwa anthu anayi muchulukitse kanayi. Ndi mmene foreksi ikuvutira muno, komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, musaganize kuti khadi lanu la ku banki lingodutsa pa intaneti, funsani ku banki kaye kuti malire ake ndi otani polipira kunja, kapena funsani ku ofesi ya kampani ya ndege ngati mungalipire misonkhoyo pompo. Zimapweteka kupeza mipando inayi yonse kenako khadi n'kukana. Muwerengenso ngati zikupindula, tengani mtengo wa tikiti yogula ndi ndalama muchotsepo misonkho yomwe mulipirebe pa tikiti ya ma mailosi, chotsalacho ndiye chimene ma mailosi anu akukugulirani. Pa maulendo afupi ngati wa ku Johannesburg nthawi zina chotsalacho chimachepa moti bola kusunga ma mailosi kudikira ulendo wautali, pokhapokha ngati atsala pang'ono kutha ntchito, chifukwa amatha, a Skywards mwachitsanzo amakhala zaka pafupifupi 3.

Ngati gulu lanu si banja koma anzanu a geni kapena a kwaya, kambiranani poyera musanabuke. Amene wapereka ma mailosi ake wapereka chinthu cha mtengo, anawapeza ndi maulendo ake, ndiye mugwirizane kuti ena amuthokoza bwanji, kaya amulipirira misonkho yake kaya malo ogona, ndipo amene wagwera tikiti ya ndalama asaone ngati wapusitsidwa. Ena amaphatikiza zonse zomwe zalipiridwa n'kugawana mofanana, ine ndimaona kuti imeneyo ndiyo imasunga mtendere. Mugwirizanenso kuti wina akasintha maganizo zikhala bwanji, chifukwa tikiti ikakanselidwa ma mailosi amabwerera kwa mwini akaunti, nthawi zambiri atadulapo chindapusa, ndipo dzina la pa tikiti silisinthidwa kuti apite wina. Lembani zimenezi pa gulu lanu la WhatsApp aliyense ayankhe kuti wavomera. Koma kugulitsa ma mailosi kwa munthu wachilendo, kapena kugula kwa aja amatsatsa pa Facebook kuti ali ndi matikiti otchipa a ma mailosi, musayerekeze, malamulo a mapulogalamuwa amaletsa ndipo akazindikira amatseka akaunti n'kufafaniza tikiti, mutha kukamva zimenezo muli kale pa kauntala ndi masutikesi. Pasiwedi yanu isayende m'manja mwa anthu ngakhale a gulu lomwelo.

Mukapitirira anthu 9 webusaiti siikulolani kubuka pamodzi, kuyambira 10 ndi nkhani ya ku desiki ya magulu ndipo kumeneko amakamba za ndalama osati ma mailosi. Gulu lotere ma mailosi angothandiza munthu mmodzi kapena awiri, mwina amene thumba lawo laperewera, otsalawo apemphe mtengo wa gulu.

Maina lembani ndendende mmene alili mu pasipoti, osati dzina lomwe timawaitanira kumudzi, ndipo mayi amene pasipoti yawo ili ndi dzina la kwa makolo awo mulembe lomwelo. Onaninso kuti pasipoti ya aliyense yatsala ndi miyezi yosachepera 6 poti mayiko ambiri amafuna choncho, ndipo ngati kukufunika viza werengani kaye malamulo obwezera tikitiyo musanadine polipira, kuti wina akakanizidwa viza mudziwe kuti ma mailosi abwerera angati. Katundu naye muone pa tikiti iliyonse payokha, ya ma mailosi ndi ya ndalama zitha kusiyana makilo ololedwa, ndiye musanamange zikwama za ufa ndi mtedza wopita kwa achibale muone kuti ndani mwa inu ali ndi zikwama ziwiri za makilo 23 ndipo ndani ali ndi chimodzi.