Mmene ndinathetsera vuto la utoto wosuluka pa mkeka wanga

Chaka chatha mu September ndikudutsa kumapiri a ku Namwera, maso anga anakodwa ndi masamba anthete a mitengo ya mombo, aja amaphuka ofiira ngati moto asanabiriwire. Nditafika kunyumba ndinayamba kuluka mkeka wa mlaza wa mitundu yomweyo: kufiira pakati, kenako chikasu, kubiriwira m'mphepete.

Vuto linabuka tsiku lomwe ndinakolopa pabalaza. Mkeka utakhudza simenti yonyowa, utoto wofiira unasuluka n'kudetsa mizere yoyera. Zinandiwawa kwambiri, poti ndinauluka kwa masabata 3.

Cholakwa chinali changa. Mlaza ndinangouviika mu utoto wozizira n'kuthamangira kuluka. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndaunyika m'madzi usiku wonse kuti ufewe, kenako ndinauwiritsa mu utoto, nditathiramo mchere wodzaza dzanja. Utazizira ndinautsukuluza kangapo mpaka madzi anayera, n'kuuyanika pakhonde, chifukwa dzuwa la kuno ku Mangochi limazilalitsa mtundu msanga. Ndisanaluke ndinkapukuta mzere uliwonse ndi kansalu koyera konyowa. Wosiya banga ndinkaubwezera m'madzi.

Mkeka watsopanowo watha miyezi 8 pabalaza, ndipo mizere yoyera ikadali mbee.